Shelefu ya Munthu Wamoyo

"Kodi munthu ayenera kufa kaye kuti apatsidwe shelefu?"

Anafunsa ndi Bambo Herbert, ataima pakhomo la laibulale, dzanja lina pa ndodo, lina pachitseko. Bambo Chiukepo, Rekitala kapena kuti mkulu wa koleji, anayang'ana foni yawo ngati yalira. Luso anayang'ana kompyuta, ngakhale inali yozima chifukwa magetsi anali atathima m'mawa. Bambo Herbert anadikira pang'ono, kenako anatembenuka n'kuyamba kukwera kanjira kopita kunyumba kwawo, ndodo ikugogoda pamiyala.

Kolejiyo inali m'mbali mwa phiri la Zomba, pamene msewu wa ku Chawe umayamba kukhotakhota. Inkaphunzitsa anyamata ofuna unsembe wa chimishonale, amene akadzozedwa amatumizidwa kumayiko akutali. Luso anamulemba ntchito chaka chomwecho kuti alowetse mabuku onse m'kompyuta ndi kuwasanja mwa manambala ngati malaibulale ena, chifukwa oyendera masukulu a ukachenjede anali atanena kuti sadzavomereza laibulale yomwe buku umalipeza pokhapokha ukudziwa yemwe anafa nalo.

Pamenepo zinkayenda chonchi kuyambira kale. Wansembe wa chipani cha amishonalewo akamwalira, kaya ku Zomba konkuno kaya kutsidya kwa nyanja, mabuku ake ankabwera m'makatoni. Kalipentala ankakhoma shelefu yatsopano, pamwamba pake n'kupachikapo kathabwa kakuda kolembedwa dzina la malemuyo ndi penti woyera. Tsiku lomwelo wophunzira aliyense ankabwera kudzatengapo buku limodzi, n'kukhala nalo m'chipinda mwake masiku onse asanu ndi anayi a mapemphero a novena, kumawerengamo pang'ono pomupempherera mwini wake. Novena ikatha mabuku ankabwerera, ndipo ambiri sankachokanso pamenepo. Wophunzira wofuna buku la malamulo a Mpingo sankafunsa nambala. Ankati, "Madamu, kodi lili kwa Bambo Remi kapena kwa Bambo Anselmo?" ngati akufunsa njira ya kumudzi.

Luso anawadziwa akufawo kuposa amoyo a pakolejipo. Kwa Bambo Anselmo kunali mabuku ochepa a zaumulungu ndi mzere wathunthu wa mabuku a zophikaphika, ena othimbirira ndi mafuta. Bambo Remi anasiya malamulo a Mpingo kutsogolo, koma kuseri kwake Luso anapezako timabuku ta Chifalansa ta nkhani za apolisi ndi zigawenga, totha ndi kuwerengedwa. Kwa Bambo Wilibrodi kunali za njuchi, za kukonza mijigo, ndi buku la azamba lomwe ophunzira ankalibwereka kuposa mmene maphunziro awo ankafunira. Chilatini chinalipo chochuluka, koma ochiwerenga anali njenjete. Mvula ikayandikira, nkhungu ya kuphiri inkalowa ngakhale mawindo ali otseka, mabuku n'kumanunkha ngati bulangeti losauma. Mayina onse a pa timathabwato anali a azungu.

Luso ankakhalabe ku Chikanda, m'chipinda chomwe ankachita lendi ali wophunzira ku Chirunga. Anzake anali atapita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo pagulu lawo la pafoni pankangobwera zithunzi za maukwati ndi za makanda. Oyandikana nawo tsopano anali ana a chaka choyamba, amene ankamutcha asisi n'kutsitsa wailesi akamadutsa. Kukoleji ophunzira ankalankhula naye maso ali pa tebulo, ngati kumuyang'ana kungawachotsere unsembe. Nkhomaliro ankadyera kuseri kwa shelefu ya Bambo Anselmo, poganiza kuti iwo sangadandaule.

Munthu yekhayo amene ankacheza naye anali Bambo Herbert. Iwo anabadwira ku Jali, kwa makolo ochokera ku Mozambique, ndipo anali m'gulu la Amalawi oyamba kutumizidwa kunja ndi chipanicho. Anakhala ku Congo, kenako ku Brazil, n'kubwerera atakalamba, maso akuchita khungu, Chinyanja chawo chili cha m'mabuku akale a nyimbo. Anawapatsa kanyumba ka kumtunda kwenikweni kwa mpanda, pafupi ndi mitengo ya paini. Kutchalitchi sankatsikako kawirikawiri chifukwa cha mawondo, Misa ankachitira m'nyumba, okha. Wophika ankawasiyira chakudya pakhonde. Ophunzira ena atsopano anali asanawaonepo. Tsiku lomwe anafunsa funso lija, Bambo Chiukepo anali atangolengeza kuti timathabwa tonse tichotsedwa oyendera asanabwere, ndipo sipadzakhalanso shelefu ya munthu wina aliyense.

Mvula yoyamba itagwa, Bambo Chiukepo ndi ansembe anzawo ophunzitsa anapita ku msonkhano ku Lilongwe. Masana a tsiku lomwelo Luso anakwera kukanyumba kaja kukawawerengera Bambo Herbert nyuzipepala monga ankachitira. Anapeza makatoni atadzaza pabalaza.

"Khalani apo, a Luso. Ayi, osati pa katoniyo, mmenemo muli Apwitikizi, sachedwa kupsa mtima. Mwafika pati ndi manambala anu?"

"Ndamaliza Bambo Wilibrodi, Abambo."

"Mwawamaliza. Mulungu anawayamba, inu mwawamaliza. Njuchi zawo zili kuti?"

"Ku zaulimi. Mijigo ili ku zaumisiri."

"Nanga buku la azamba?"

"Wina analibwereka."

Bambo Herbert anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Ndiye kuti shelefu yawo ilibe kanthu."

Luso anaona kumene nkhani inkalowera. Anapinda nyuzipepala.

"Abambo, a Rekitala anakana."

"Sanakane. Munalipo inu. Anayang'ana foni." Anapapasa katoni yomwe inali pambali pa mpando wawo. "Ine ndilibe mwana, a Luso, ndilibe munda, ngakhale njinga ndilibe. Makatoni awa ndayenda nawo m'mabwato ndi m'malole. Pochoka ku Congo ndinasiya zovala kuti awa akwere ndege. Ndinkati tsiku lina adzaima pamodzi, dzina langa pamwamba, pakati pa azungu aja. Lero mukuti amwazika ndisanafe n'komwe. Ndingoona kamodzi. Kuona ndikunama, ndingokhudza."

"Akandichotsa ntchito mudzandidyetsa ndinu?"

"Tizidzagawana za pakhondepo. Nyemba zimachuluka, ine mano ndilibe."

Luso anabwereka wilibala ya kudimba. Anatsitsa makatoniwo ophunzira ali ku mpira, ndipo palibe anamuona. Munali Mabaibulo a m'zinenero zomwe iye sanazizindikire, dikishonale ya Chilingala yomangidwa ndi chingwe, ndakatulo za Chipwitikizi, mabuku a mbalame za m'nkhalango, ndi buku limodzi lalikulu la matenda a maso lomwe linawerengedwa mpaka pakati pokha. Ambiri anali ofufuma ndi chinyezi cha mayiko ena. Anawasanja pa shelefu ya Bambo Wilibrodi, n'kutembenuza kathabwa kawo, kuseri kwake n'kulembako BAMBO HERBERT ndi penti yemwe anamupeza m'sitolo. Zilembo zinapendekera kumanja ngati zikutsika phiri. Pomwe ankamaliza, mvula inali itayambanso, ndipo anagwirizana ndi Bambo Herbert kuti adzawatenga m'mawa kudzakhudza shelefuyo, kanjira kakauma.

M'mawa mwake anachedwa. Ku Chikanda kunali matope, ndipo a kabaza onse anali atabisala m'makonde a magolosale. Atafika pa geti la koleji anamva kuimba kochokera m'tchalitchi, nyimbo yokoka, ya maliro. Anaganiza kuti uthenga wabwera kuchokera kunja, monga zinkachitikira.

Laibulale inali yotsekula, chifukwa Jimmy, mtsogoleri wa ophunzira, ankasunga kiyi wina wa amene amawerenga m'mamawa. Luso anayenda mpaka kumapeto. Shelefu ija inalibe buku ngakhale limodzi. Pansi pake panali kandulo woyaka pa sosala.

"Pepani, Madamu." Anali Jimmy, ataima kumbuyo kwake, manja ali pamodzi. "Tikudziwa kuti munkagwirizana nawo."

"Ndani?"

"Bambo Herbert. Mzimu wawo uwuse mumtendere."

"Mwamva kwa ndani?"

"Taona pa shelefu."

"Kunyumba kwawo mwapitako?"

Jimmy anadabwa ndi funsolo. "Timati mwina anawatengera kuchipatala dzulo, n'kumwalirira komweko. A Rekitala foni yawo sikupezeka, koma tawasiyira uthenga. Kuparishi ya kwawo ku Jali tawauzanso. Mabuku tagawana kale, aliyense lake. Atsala ochepa, ndiye ena atenga awiriawiri kuti pasakhale losiyidwa."

Luso anamuyang'ana mnyamatayo, yemwe kwa nthawi yoyamba ankamuyang'ana m'maso, mwachisoni. Anatuluka n'kuyamba kukwera kukanyumba ka Bambo Herbert.

Anawapeza atakhala pakhonde, atavala jekete, nsapato zopolishidwa, ndodo ili pamiyendo.

"Ndi a Luso? Lero tiyi wachedwa. Wophika uja ndiye kuti wakwatiwa."

"Tiyi sabwera, Abambo."

"Chifukwa? Ndipo akuimbira ndani kumunsiko? Ndakhala ndikumvetsera. Ndani watisiya?"

"Inuyo."

Anawafotokozera mwachidule. Bambo Herbert anamvetsera mutu uli chowerama. Nkhungu inkadutsa pakati pa mitengo ya paini, ndipo nyimbo inkamveka, n'kusowa, n'kumvekanso.

"Palibe amene wakwera kudzaona?"

"Palibe."

"Ngakhale kudzatseka mawindo." Anatchera khutu kumunsi. "Akuimba bwino koma. A besi akuchedwa, koma akuimba bwino. Musawauze kaye. Ndiperekezeni kulaibulale, tidzere khomo lakuseri."

Anatsika pang'onopang'ono, Luso atawagwira chigongono. Kanjira kanali koterera. Atalowa, anawaimika kutsogolo kwa shelefu n'kuwakwezera dzanja mpaka pa kathabwa. Zala zawo zinatsatira zilembo, penti asanaumitsitse. Kenako dzanja linatsika n'kuyamba kuyenda pa thabwa loyamba, kuchokera kumanzere mpaka kumanja, osagunda kanthu. Linatsikira pa lachiwiri. Pa lachitatu.

"Ali kuti?"

"Atenga ophunzira. Za novena."

"Onse?"

"Onse."

"Ngakhale wa Chilingala uja? Wachingwe?"

"Ngakhale ameneyo."

"Ndiye pali mnyamata amene pakali pano wakhala pa bedi, akuyesa kuwerenga Chilingala chifukwa cha ine." Nkhope yawo inawala ngati ya mwana amene wapatsidwa chinthu chomwe sanapemphe. Dzanja linabwereranso pa thabwa lopanda kanthulo. "Wina watenga mbalame. Wina Apwitikizi. Mayo, ameneyo ndiye avutika."

Chitseko chakutsogolo chinatseguka. Jimmy analowa atanyamula maluwa m'botolo la sobo. Anayenda mpaka pakati pa chipinda, n'kuima. Madzi anayamba kutayikira pa nsapato zake.

"Bambo…"

"Ndauka, a Jimmy. Sindinadikire n'komwe tsiku lachitatu. Kauzeni wophika kuti akufa akufuna tiyi."

Kuimba kunaleka pakati pa ndime. Bambo Herbert anamwera tiyi wawo pa tebulo la Luso, akudikira kuti anyamatawo abwera kudzaseka nawo. Sanabwere. Manyazi anali atawagwira. Luso atawaperekeza mkuluyo kunyumba n'kubwerera, anapeza mabuku ataunjikidwa pakhomo la laibulale, ngati katundu wobedwa amene wakuba wamubweza mwini asanadzuke. Ena ankabwera nawo m'kati mwa juzi, kuwasiya, n'kuchoka osapereka moni. Kandulo ndi sosala zinali zitachotsedwa kale. Mmodzi yekha, wa chaka choyamba, anafunsa ngati ndi tchimo kupempherera mzimu wa munthu amene mzimu wake ukadali m'thupi. Luso anamuuza kuti akafunse amene amalipidwa kuti adziwe zimenezo. Pofika nkhomaliro, shelefu inali itadzazanso mpaka buku lomaliza.

Masana kunabwera mlendo. Anali mayi wachikulire ndithu, wovala duku lakuda ndi chitenje cha Mpingo, matope mpaka mu akakolo. Anati dzina lake ndi Magret, mwana wa mlongo wawo wa malemu, ndipo wabwera yekha chifukwa ena onse akudzala. Mlonda wa pa geti anali atamuuza kale zoona zake, koma nkhope yake inali isanasinthe, inali ikadali ya kumaliro. Luso anakwera naye.

Magret anagwada pakhonde patali ndithu ndi mpando.

"Amalume."

"Ndani ameneyo?"

"Ndine Magret. Wa a Loyce."

"Magret! Unali kamwana."

"Ndili ndi zidzukulu tsopano, amalume."

"Eya. Eya, n'zoona."

Mayiyo ananena mawu angapo m'Chilomwe. Bambo Herbert anapendeketsa mutu, milomo ikuyenda ngati akufufuza yankho, koma chomwe chinatuluka chinali Chinyanja. Anafunsa za mvula ku Jali. Magret anati yagwa bwino. Anafunsa za anthu ena powatchula mayina, ndipo Magret ankayankha kuti anamwalira, anamwalira, ameneyo anapita ku Joni, anamwalira. Kenako mayina anatha. Luso anaona kuti mayiyo anabwera atakonzekera kulira, ndipo kulirako akanakutha bwino. Mawu oti auze malume amoyo ndi amene sanabwere nawo.

"Kamuonetseni mabuku, a Luso," anatero Bambo Herbert. "Asankhepo limodzi, apite nalo kumudzi."

Mulaibulale Magret anaima patsogolo pa shelefuyo manja ali kumbuyo. Anawerenga dzina la pa kathabwa motulutsa mawu, pang'onopang'ono.

"Onsewa anawerenga okha?"

"Onse. Akuti mutengepo limodzi."

"Iii, ndikaliika pati, achemwali? Nyumba ikudontha." Anayang'ana pakona pomwe Luso anaunjika makatoni opanda kanthu. "Koma katoni imodzi ngati ilibe ntchito. Nkhuku yanga yaswa."

Anachoka dzuwa likadalipo kuti akapeze minibasi ya ku Jali, katoni ili pamutu. Luso atabwerera kumtunda, Bambo Herbert anafunsa kuti watenga liti. Luso anaganiza zonama, koma mkuluyo mabuku ake ankawadziwa ndi zala, akanadzazindikira.

"Watenga katoni, Abambo. Ya anapiye."

"Iti?"

"Munali Apwitikizi ija."

"Ndi yolimba imeneyo. Wasankha bwino."

Sanafune nyuzipepala tsiku limenelo. Luso anakhala nawo pakhonde, aliyense akuyang'ana kwake, mpaka nthawi yoweruka. Pansi pawo tawuni ya Zomba inkaoneka ndi kubisika m'nkhungu.

Bambo Chiukepo anafika m'mawa mwake, atasiya msonkhano usanathe. Uthenga wa maliro anaulandira pamodzi ndi uthenga wotsutsa malirowo, ndipo anali atayendetsa galimoto ulendo wonsewo osadziwa woti amukalipire. Anayamba ndi ophunzira. Mawu awo ankamveka mpaka mulaibulale: anthu ofuna kukalalikira kumalekezero a dziko alephera kukwera kamtunda kukaona ngati nkhalamba ikupuma. Atatha kumeneko analowa kwa Luso, n'kupeza Bambo Herbert atakhala kale pa mpando pafupi ndi shelefu, atatsika okha.

"A Rekitala, mtsikanayu musamukhudze. Ndinamutuma ndine."

"Ndadziwa, Bambo." Bambo Chiukepo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Mkwiyo unali utawathera kunja kuja. Anayang'ana kathabwa kaja nthawi yaitali, ndi mayina ena omwe anali asanachotsedwe. "Tsiku lija munafunsa, sindinakuyankheni. Ndinalakwa. Shelefu iyi ikhale. Zinazo tichotsa monga tinanenera, koma iyi ikhale mmene ililimu, ndi dzina lanu. Oyendera ndikalankhula nawo ndekha. Madamu, kalipentala adzalembe bwino zilembozo, zapendekera."

Luso anayang'ana Bambo Herbert. Anali atapeza chomwe anayenda nacho m'mabwato ndi m'malole, ndipo anachipeza ali moyo.

Mkuluyo anaimirira pogwira ndodo. Anatambasula dzanja n'kuliyendetsa pa misana ya mabuku, thabwa loyamba, lachiwiri, lachitatu. Panalibe mpata wolowetsa chala. Anaima pa dikishonale ija, n'kukhudza mfundo ya chingwe. Inali mmene anaimangira iwo, palibe amene anaimasula.

"Zikomo, a Rekitala," anatero. "A Luso, chotsani kathabwako. Mabukuwa muwamwaze m'manambala anu, lililonse kwake. Muyambe lero."